Ndinatumiza code yanga koma eni pulojekiti ali zii: ndilowe bwanji mu open source ndili ku Mchinji?

Funso lachokera kwa mnyamata wina wa ku Kamwendo ku Mchinji, ndipo likukhudza open source, mapulogalamu omwe code yake ili poyera pa mawebusayiti ngati GitHub kuti aliyense aione ndi kuthandiza kuikonza. Walemba kuti: "Ndili ndi dipuloma ya zamakompyuta koma ntchito sinapezeke, ndiye pano ndimagwira pa shopu yotayipa ndi kupulinta makalata. Madzulo ndimaphunzira JavaScript ndi Python pa laputopu yakale. Ndinamva kuti kuthandiza nawo mapulogalamu a open source kumatsegula mwayi. Ndinasankha pulojekiti ina pa GitHub, ndinakonza mafayilo 40, kusintha maonekedwe ndi kulembanso malo omwe ndinaona kuti ndi osokonekera, n'kutumiza pull request. Patha masabata asanu, palibe wayankha. Kodi ndi tsankho poti ndine wa kuno? Nanga muli ndalama m'zimenezi, kapena ndikungotha bandulo?"

Achimwene, tsankho pa intaneti liripo, sindingakunamizeni. Koma pa nkhani yanuyi ine ndikuloza chala pa mafayilo 40 aja. Amene analandira pull request yanu, pempho loti zosintha zanuzo zilowe m'pulojekiti, mwina sadziwa n'komwe kuti Kamwendo ili kuti, ndipo ngakhale mukanatumiza muli ku Berlin, mtolo wotere ukanakhalabe pamzere osakhudzidwa.

Taganizani za munthu amene ali mbali inayo, amene timamutcha maintainer. Mapulojekiti akuluakulu ali ndi antchito olipidwa, koma ambiri mwa ang'onoang'ono amasamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, madzulo akaweruka kuntchito ngati mmene mumachitira inuyo. Akatsegula pull request amaona mizere yofiira, yomwe mwachotsa, ndi yobiriwira, yomwe mwawonjezera. Mzere uliwonse ayenera kuuwerenga, kumvetsa chifukwa chake mwausintha, ndi kudzifunsa ngati sukuthyola china chake kwa anthu omwe akugwiritsa ntchito pulogalamuyo lero. Mizere isanu amaiwerenga akumwa tiyi. Mizere masauzande awiri imafuna Loweruka lathunthu, ndipo Loweruka limenelo sanakulonjezeni. Komanso akangoilandira code yanu, yasanduka yake. Inu mukhoza kupeza ntchito ku Lilongwe mawa n'kuiwala zonse, koma iye adzakhala akuyankha madandaulo a code imeneyo zaka zisanu zikubwerazi. N'chifukwa chake mphatso yaikulu yosapemphedwa imamulemera kuposa mmene imamuthandizira.

Kwanu ku Mchinji mukudziwa za mkamwini. Wongofika kumene pamudzi sayamba ndi kusuntha nkhokwe, ngakhale ataona ndithu kuti inamangidwa pamalo podikha madzi. Amayamba waona mmene eni mudzi amachitira, afunsa, agwira timantchito tomwe wapatsidwa, mpaka tsiku lina mawu ake ayamba kumveka. Inu munafika n'kusuntha nkhokwe, khola ndi bafa tsiku limodzi. Malo amene munaona kuti ndi osokonekera mwina ndi osokonekeradi, koma nthawi zambiri code yooneka yokhotakhota inakhota chifukwa cha vuto lina limene linawagwera kale, lomwe inu simunalione.

Nkhani yokhulupirirana inakula kwambiri mu Malichi 2024. Pali kapulogalamu kopanikiza mafayilo kotchedwa xz, komwe kali pafupifupi m'kompyuta iliyonse ya Linux. Kankasamalidwa ndi munthu mmodzi, Lasse Collin, yemwe anali atatopa nako. Akaunti ina yotchedwa Jia Tan inayamba kuthandiza pang'onopang'ono, kwa zaka ziwiri ndi kupitirira, mpaka inapatsidwa mphamvu zotulutsa pulogalamuyo, kenako inabisamo khomo lakumbuyo loti munthu azilowera m'maseva a eni. Anatulukira zimenezi ndi injiniya wina, Andres Freund, atangodabwa kuti kulowa mu seva kukuchedwa ndi theka la sekondi. Chichitikireni zimenezo, ma maintainer amachita mantha ndi mlendo wobwera ndi zosintha zambiri nthawi imodzi, ndipo sindingawaimbe mlandu.

Tsono pull request ija muchite nayo chonchi. Lembani pansi pake mawu ochepa aulemu, kuti mwazindikira kuti ndi yaikulu, mukuitseka, ndipo mubweretsa zidutswa zing'onozing'ono. Itsekeni nokha. Kenako fufuzani m'mafayilo 40 aja chinthu chimodzi chomwe chikukonza vuto lenileni, osati kukongoletsa. Tsegulani issue, tsamba lonenerapo vuto pa pulojekiti, fotokozani vutolo, nenani kuti muli ndi njira yolikonzera, funsani ngati angailandire. Akavomera, tumizani chimenecho chokha. Kusintha mipata, kusintha mayina a ma variable ndi kusanja mizere mwa kukonda kwanu, zisiyeni. Koma musanavutike ndi zonsezi, onani kaye ngati pulojekitiyo ili moyo. Onani tsiku la commit yomaliza, ndiye kuti kusintha komaliza komwe kunasungidwa mu code. Onani ma pull request a anthu ena: kodi mwezi wathawu alipo amene analandiridwa? Mukapeza kuti commit yomaliza ndi ya zaka ziwiri zapitazo ndipo ma pull request makumi angapo angoti mbwee osayankhidwa, ndiye kuti munagogoda panyumba yomwe eni ake anasamuka. Zikatero musataye bandulo, pitani kwina.

Kwinako ndi kuti? Apa ndichedwapo, chifukwa achinyamata ambiri amasankha pulojekiti poona kuchuluka kwa nyenyezi pa GitHub. Amathamangira React kapena VS Code, komwe issue yosavuta ikangotuluka anthu khumi amaikanganirana ola lomwelo. Ine ndimati sankhani pulogalamu imene mumaigwiritsa ntchito, kapena imene anthu okuzungulirani amaigwiritsa ntchito, chifukwa mumadziwa pomwe imapweteka.

Ndipo pankhaniyi dziko lathu si lachilendo ayi. Mukamapita ku Lilongwe pa msewu wa M12 mumadutsa pa Namitete. Pachipatala cha St Gabriel's pamenepo, mu 2008, wophunzira wina wa ku Stanford, Josh Nesbit, anabwera ndi laputopu, mafoni 100 ndi pulogalamu ya FrontlineSMS, kuti anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi azitumiza uthenga kuchipatala m'malo moyenda mtunda wautali. Ntchito imeneyo ndi imene inabala bungwe la Medic Mobile, lomwe pano limatchedwa Medic, ndipo pulogalamu yawo ya Community Health Toolkit ndi ya open source, yolembedwa mu JavaScript yomwe mukuphunzirayo, yopangidwa kuti izigwira ntchito ngakhale netiweki palibe. Ku Kamuzu Central Hospital, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ogwiritsa ntchito pongokhudza sikirini polembera odwala, ndipo code yambiri ya ntchito imeneyo inalembedwa ndi Amalawi. OpenMRS, yomwe inayamba mu 2004 mogwirizana pakati pa Regenstrief Institute ndi Partners In Health, imagwiritsidwa ntchito ku Neno posunga mbiri za odwala. DHIS2, yomwe imatsogoleredwa ndi University of Oslo ku Norway, ndi imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, ndipo mayiko oposa 70 amaidalira. Pali ODK ndi KoboToolbox, zomwe aliyense amene anagwirapo ganyu ya kafukufuku wa mabungwe anazigwirapo pa tabuleti. Zonsezi code yake ili poyera. Kalaliki wa data pachipatala cha boma ku Mchinji, kapena mlangizi wa zaumoyo wa ku Kapiri kapena ku Mkanda, angakuuzeni mavuto asanu a mapulogalamu amenewa musanamalize botolo la fanta.

Apa ndi pomwe muli ndi chinthu chimene injiniya wa ku Oslo alibe. Iye amayesa pulogalamu pa foni yatsopano, pa intaneti yosadukaduka, magetsi osathima. Kuti aone mmene imachitira pa netiweki yofooka ayenera kuchita kuyerekeza ndi zida zapadera. Inu simuyerekeza. Muli ndi foni ya itel kapena Tecno ya memory yochepa, netiweki yomwe imagwa kuchoka pa 4G kufika pa E mukangokhota kuseri kwa sitolo, ndi batire yomwe imatha fomu ili pakati. Vuto lomwe iye amangolimva m'malipoti osamveka bwino, inu mukhoza kulichititsa kasanu motsatizana n'kulemba ndondomeko yake. Lipoti lotere ndi lamtengo wapatali kuposa mafayilo 40.

Tiyerekeze kuti mwapeza vuto ili. Mwadzaza fomu, mwadina batani lotumizira, netiweki yaduka, kachizindikiro kangozungulirazungulira, mwadinanso, ndipo netiweki itabwera mwapeza kuti munthu mmodzi walembedwa kawiri. Munthu wosazolowera amalemba kuti pulogalamuyi siyenda, konzani msanga. Lipoti limenelo palibe chomwe angachite nalo. Inu mulembe mutu wonena vuto lenilenilo: fomu imatumizidwa kawiri netiweki ikaduka pakati. Pansi pake nenani mtundu wa foni, nambala ya Android, ndi nambala ya version ya pulogalamuyo. Kenako masitepe, limodzi limodzi: tsegulani fomu yakuti, dzazani, dinani batani, nthawi yomweyo ikani foni pa airplane mode, dikirani masekondi khumi, chotsani airplane mode, dinaninso. Nenani chomwe mumayembekezera, kuti pakhala munthu mmodzi, ndi chomwe chachitika, kuti pali awiri. Nenani ngati zimachitika nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo. Ikani chithunzi cha sikirini, mayina a anthu mutawafufuta. Musanatumize, sakani m'ma issue akale, otsekedwa omwe, mwina wina ananena kale. Ngati ananena, musatsegule ina, ingowonjezerani masitepe anuwo pansi pake. Maintainer akawerenga lipoti lotere amatha kuliona vutolo pa kompyuta yake m'mphindi zisanu, ndipo dzina lanu amalisunga m'mutu.

Palinso ntchito zina zosafuna code zomwe ndizitchula mothamanga. Kumasulira mapulogalamu m'Chichewa kumachitikira pa Transifex, Weblate kapena Crowdin, ndipo chilankhulo chathu mudzachipeza pa chidule cha ny, nthawi zina pa dzina la Nyanja. Chenjerani ndi tizizindikiro ngati %s ndi %d tomwe mudzaona pakati pa mawu: pamenepo pulogalamu imadzaikapo dzina kapena nambala, ndiye mukatifufuta, uthenga umasweka. Zomwe mwamasulira zithandizanso abale athu a ku Chipata kungowoloka pa Mwami. Pali OpenStreetMap, mapu aulere omwe Steve Coast anayambitsa mu 2004, komwe mungaike mijigo, masukulu, zigayo ndi timisewu ta kwanu ndi foni yokha. Lamulo lake n'lakuti musakopere ku Google Maps, muziika zomwe mwaona nokha kapena zomwe zili pa zithunzi zololedwa. Ndipo pali malangizo oikira pulogalamu pa kompyuta. Mukawatsatira n'kukakamira pa sitepe yachinayi chifukwa anaiwala kutchula chinthu china, kukonza chiganizo chimenecho ndi pull request yabwino kwambiri yoyambira, poti eni ake anaika pulogalamuyo kalekale ndipo saonanso pomwe mlendo amapunthwa.

Tibwere ku code yeniyeni. Musanalembe mzere ndi umodzi womwe, werengani mafayilo atatu: README, CONTRIBUTING ndi LICENSE. CONTRIBUTING ndi imene imanena mwambo wa pamalopo, monga kalembedwe ka uthenga wa commit, mayeso oyenera kuyendetsa, ndi komwe ma issue amasungidwa, chifukwa si onse amasunga pa GitHub. A OpenMRS, mwachitsanzo, ambiri amawasunga pa Jira. Ena amafuna musaine chikalata chopereka chilolezo pa code yanu chotchedwa CLA, ena amangofuna mzere wa Signed-off-by womwe umabwera mukalemba git commit -s. Sakani ma issue olembedwa kuti good first issue kapena help wanted. Mukapeza yokukwanani, lembani pansi pake kuti mukufuna kuigwira ndipo fotokozani mwachidule mmene mukuganizira kuikonzera. Musatenge zitatu nthawi imodzi. Mukaona kuti yakukanikani, bwererani mukanene kuti mwaisiya, wina aitenge. Kugwira issue n'kusowa miyezi iwiri kumakwiyitsa anthu kuposa kulephera.

Pa za bandulo, Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za code, ili mbali yanu. Linus Torvalds, yemwe anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, analemba Git mu 2005 kuti aliyense azikhala ndi mbiri yonse ya pulojekiti pa kompyuta yake. Ndiye kuti kupanga branch (nthambi yogwirirapo ntchito padera), kupanga commit, kuona zomwe zasintha, kubwerera m'mbuyo, zonsezi zimachitika popanda intaneti. Intaneti imafunika pokoka ndi pokankha pokha. Mukapanga fork, kope lanu la pulojekiti, pa GitHub, kokani ndi git clone --depth 1 kuti mutenge mmene pulojekiti ilili lero popanda mbiri ya zaka khumi. Pangani branch yake ya ntchito imeneyo ndi git checkout -b, osagwira pa main, yomwe ndi nthambi yaikulu. Mukamaliza, lembani git diff muwerenge nokha mzere uliwonse. Nthawi zambiri mudzapeza kuti editor yanu yasintha mipata m'fayilo yonse osakuuzani, ndipo kusintha kwa mizere itatu kwaoneka ngati kwa mizere 600. Bwezani zimenezo musanakankhe. Pull request yeniyeniyo imadya data yochepa kuposa kanema mmodzi wa pa TikTok.

Chomwe chimameza bandulo ndi kukonzekera. npm install, lamulo lokokera zida zomwe pulojekiti ya JavaScript imadalira, pa pulojekiti yaikulu imatha kukoka ma megabyte mazanamazana, ndipo ma image a Docker, omwe ndi mitolo ya mapulogalamu yokonzeratu, amafika ma gigabyte. Zimenezi kokani kamodzi, pa bandulo ya usiku ngati kampani yanu ili nayo kapena tsiku lomwe mwapeza WiFi ku boma, ndipo musamafufute foda ya node_modules mwachisawawa monga amalangizira anthu a pa intaneti omwe data sailipira pa megabyte. Malangizo a Python mungawakoke onse n'kumawerenga popanda intaneti. Laputopu yakale ya RAM ya 4 GB idzavutika ndi seva ya Java ya DHIS2 kapena OpenMRS, choncho yambani ndi mbali yooneka ndi maso, kapena ndi tima library ting'onoting'ono ta Python tomwe mayeso ake amatha m'masekondi. Ndipo popeza magetsi athu amathima osatsanzika, pangani commit pafupipafupi. Mudzaziphatikiza bwino pomaliza.

Mukatumiza, makina amayamba okha kuyesa code yanu. Akaonetsa chofiira, tsegulani muone chalephera, konzani, musadikire kuti munthu akuuzeni. Kenako pamabwera ndemanga za anthu, ndipo apa ndi pomwe ambiri a ife timagwa ulesi. Ife tinazolowera kuyamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenako n'kufika pa nkhani mozungulira. Injiniya wa ku Germany kapena ku Finland amangolemba kuti izi n'zolakwika, gwiritsani ntchito function yakuti, basi. Sakukunyozani, ndi mmene amalembera kwa aliyense, ngakhale kwa bwana wake. Munthu akalemba ndemanga khumi pa code yanu, wakupatsani ola lake laulere, ndipo maphunziro otere ku koleji simunawapeze. Yankhani ndemanga iliyonse. Pomwe mwagwirizana nazo konzani, pomwe simukugwirizana nazo fotokozani chifukwa chake modekha. Kunyoza kwenikweni, kokhudza mtundu kapena dziko lanu, n'kwina, ndipo mapulojekiti ambiri ali ndi fayilo ya CODE_OF_CONDUCT yonena kokadandaula. Pulojekiti yolekerera zotere ingoisiyani.

Chingerezi chisakuopseni. Ambiri olemba kumeneko ndi a ku Brazil, India, Poland, Vietnam, ndipo Chingerezi chawo n'chophunzira ngati chathu. Ziganizo zifupizifupi zimakwana. Siyani "Dear Sir" ndi ndime yonse yopepesa. Musalembere maintainer ku inbox yake kapena kumusaka pa WhatsApp, funsani poyera kuti yankho lithandize ena. Pakatha sabata kapena awiri muli chete, mzere umodzi wokumbutsa ndi wololedwa. Kukumbutsa tsiku lililonse ndiye ayi. Nthawi yathu imatikomeranso: ola la Malawi limafanana ndi la ku Oslo kapena Berlin m'miyezi yawo yotentha, ndipo limasiyana ndi ola limodzi lokha m'miyezi yozizira. A ku America amadzuka ife tikuweruka, choncho yankho lawo mudzalipeza m'mawa.

Za laisensi ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti chilichonse chili pa GitHub ndi chongotola. Code yopanda fayilo ya LICENSE ndi ya mwini wake, ngakhale mukuiona, ndipo mulibe chilolezo choigwiritsa ntchito m'zanu. Laisensi ya MIT kapena BSD imakulolani kutenga, kusintha, ngakhale kugulitsa, bola musunge dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo. GPL, yomwe Richard Stallman anatulutsa koyamba mu 1989 pansi pa ntchito ya GNU imene anailengeza mu 1983, imawonjezera lamulo lakuti mukagawira ena pulogalamu yomwe mwasintha, muwapatsenso code yake pa laisensi yomweyo. Kwa inu zikutanthauza zinthu ziwiri. Zomwe mwapereka zimalowa pa laisensi ya pulojekitiyo ndipo simungadzazilande mukakwiya. Ndipo musapereke code yomwe si yanu, kaya mwaikopera kwina kaya munailembera bwana amene anakulipirani.

Zoopsa zenizeni ndi ziwiri. Choyamba, Git siiwala. Mukaika pasiwedi, API key (kiyi yachinsinsi yomwe pulogalamu imalowera nayo kwina) kapena fayilo ya .env mu commit n'kukankha poyera, kuifufuta mu commit yotsatira sikuthandiza, imakhalabe m'mbiri, ndipo pali makina omwe ntchito yawo ndi kusaka zimenezi usana ndi usiku. Zikachitika, sinthani key imeneyo nthawi yomweyo. Mukamagwira mapulogalamu a zaumoyo samalani koposa: dzina la wodwala, nambala yake ya foni, zotsatira za magazi, zisapezeke pa chithunzi, mu log kapena m'fayilo yoyesera. Pekani mayina abodza. Mnzanu wa kuchipatala akakuonetsani vuto, akuonetseni pa seva yophunzirira, osati pa ya odwala enieni. Chachiwiri ndi AI. Sindikuletsani kufunsa ChatGPT kuti ikufotokozereni code yomwe simukuimvetsa, imathandiza ndithu. Koma kutumiza zomwe yalemba musanaziyese n'kudziwotcha nokha. Daniel Stenberg, mwini pulogalamu ya curl, wakhala akudandaula poyera za malipoti opekedwa ndi AI omwe amaoneka anzeru koma vuto lomwe akunena kulibe, ndipo amadya nthawi ya anthu ochepa omwe ali nawo. Mapulojekiti ena analetseratu, ena amafuna munene ngati mwagwiritsa ntchito. Muyeso wanga ndi uwu: akakufunsani chifukwa chake mzere wakutiwakuti uli choncho, muyankhe ndi mutu wanu. Ngati simungathe, mzerewo sunakonzeke kutumizidwa.

Kanthu kena kakang'ono komwe kamaliza anthu kuno. Kuyambira 2023 GitHub imafuna kuti olemba code azilowa ndi chitsimikizo chachiwiri cha pa foni, ndipo imakupatsani manambala opulumukira. Apulinteni pa shopu panupo muwasunge kunyumba. Foni ikabedwa pa depoti mulibe manambala amenewo, akaunti ikhoza kupita pamodzi ndi mbiri yanu yonse.

Tsopano ndalama. Pull request payokha salipira, ndipo wina akakuuzani kuti mulemera nazo chaka chino akukunamizani. Bandulo ya miyezi yoyamba idzachoka m'thumba lanu, choncho ikani malire omwe shopu ingakwanitse, musadye mpamba. Phindu limabwera mozungulira. Mukadzafunsira ntchito ku mabungwe a zaumoyo ku Lilongwe, omwe ambiri amagwiritsa ntchito DHIS2, OpenMRS kapena ODK, dipuloma yanu idzafanana ndi ya anthu ena zana. Koma link yoonetsa kuti code yanu inaunikidwa ndi eni pulogalamuyo n'kulandiridwa, ndi zokambirana zonse zili poyera, ndi ochepa adzakhale nayo. Ine ndikamaona makalata a ofunsira ntchito, pull request imodzi yolandiridwa, yokhala ndi mayeso ake, imandiuza zambiri kuposa mapulojekiti makumi awiri a zophunzirira zokopera pa YouTube. Timabokosi tobiriwira ta pa profile ya GitHub, toonetsa masiku omwe mwatumiza code, sindiwerengera n'komwe, aliyense angathe kutidzaza.

Mu Okutobala mudzamva za Hacktoberfest, mwezi wolimbikitsa anthu kutumiza ma pull request. Lowani ngati mwapeza ntchito yeniyeni, koma dziwani kuti mu 2020 anthu ofuna malaya aulere anasefukiza mapulojekiti ndi ma pull request opanda pake mpaka malamulo ake anasinthidwa, ndipo ma maintainer ambiri mwezi umenewo amakhala atakwinya nkhope.

Njira zolipidwa zodziwika bwino ndi ziwiri. Google Summer of Code inayamba mu 2005, ndipo kuyambira 2022 simufunikanso kukhala wophunzira wa pa yunivesite, bola muli ndi zaka 18 ndipo ndinu watsopano mu open source. Mumagwira ntchito ndi mlangizi kwa miyezi ingapo, ndipo malipiro amasiyana malinga ndi dziko ndi kukula kwa ntchitoyo. OpenMRS yakhala ikutenga nawo mbali zaka zambiri. Outreachy, yomwe ili pansi pa Software Freedom Conservancy, imatenga anthu omwe sapezekapezeka m'ntchito zamakompyuta kapena amasalidwa, kwa miyezi itatu, ndi malipiro a madola 7,000, ndipo magulu ake amayamba mu Meyi ndi mu Disembala. Werengani nokha malamulo a chaka chimenecho, chifukwa amasintha, ndipo funsani ku banki yanu mmene ndalama zakunja zimalowera musanafike poziyembekezera. Mpikisano ndi waukulu, ofunsira ndi a dziko lonse lapansi.

Kulembera Google Summer of Code kumachitika chakumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, ndipo sabata zimenezo mapulojekiti amadzaza ndi alendo onena kuti amaikonda kwambiri pulogalamuyo. Alangizi posankha amatsegula mbiri n'kuona amene analipo kale mu Novembala ndi mu Januwale, amene analemba lipoti lomveka, anakonza malangizo, anayankha ndemanga osakwiya. Ngati mukufuna kudzayesa chaka chamawa, sankhani pulojekiti imodzi mwezi uno, ikani pa laputopu, ndipo mukacheze ndi kalaliki wa data pachipatala chapafupi akuuzeni chomwe chimamuvuta akamatumiza lipoti la mwezi.